Tsaya la apongozi latupa pa foni

Moni nonse kumeneko.

Dzulo Lachiwiri, cha m'ma 2 koloko masana, ndimajambula nkhope ya apongozi anga pa foni, mu pulogalamu yojambulira zithunzi ndi chala imene ndikuphunzira. Ndinapaka mtundu woderapo pa tsaya kuti ukhale mthunzi. Mthunziwo umafunika kuusisita ndi chala pang'onopang'ono mpaka ulowerere m'khungu, malire asaoneke. Ndisanasisite, mwana wanga Tadala anayamba kulirira bere. Poona kuti nkhope yafanana nawo, ndinangoika chithunzicho pa sitetasi kuti anthu aone, chili choncho.

Dzuwa lisanalowe, amayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Chia anatulukira pakhomo ndi shuga, mpunga ndi nkhuku yamoyo. Akuti aona pa foni kuti tsaya la apongozi latupa, abwera kudzazonda.

Ine manyazi anandigwira. Ndimangodikira kuti apongozi andikalipira pamaso pa alendo. Koma iwo atayang'ana nkhuku ija, anagwira tsaya n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Ndi dzino, anzanga. Tulo sindikuluona." Tsaya limene anagwiralo si lotupa pa chithunzi lija ayi, anagwira linalo!

Lero m'mawa ndasisita mthunzi uja bwinobwino, nkhope yasalala, ndapita kukawaonetsa. Andiyang'ana n'kunena kuti, "Amake Tadala, wakutumani ndani kuti mundichiritse? Anzanga a ku Benga sanabweretu."

Ndiye abale, ndithandizeni nzeru. Ndiike chokonzachi, kapena ndiwasiyire chotupa chawo mpaka Lamlungu?