Phodo la Alamu Anga

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde la golosale ya bambo wina wachisilamu ku Matandani, ndipo manja angawa asokapo zambiri zimene si nsapato: mipira, zikwama za ana asukulu, ngakhale chishalo cha njinga. Koma phodo, kathumba kaja kosungiramo mivi, ndinasoka limodzi lokha, ndipo sindiliiwala mpaka lero.

Anandipatsa ntchitoyo ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Chaka chimenecho nguluwe zinawalowera m'munda wa kuphiri chimanga chitangobereka. Iwo ndi munthu wa uta kuyambira ali mnyamata, koma anagwa pa njinga yamoto atanyamula mbatatesi, phewa lamanja n'kuuma. Kukoka uta ankatha, koma kupinda mkono kuti asolole muvi kumsana kunkawakanika. Ankafuna phodo lolendewera m'chiuno, chapantchafu.

Anabwera ndi chikopa cha mbuzi chofufuta kale, ndi kamtengo ka mlombwa kosema mobulungira, kukula kwake ngati pansi pa kapu.

"Aka mukaike pansi penipeni, alamu," anatero. "Zina zonse mupange mmene mukudziwira, koma aka kokha musakaiwale."

"Kodi mwayamba kuphunzitsa mmisiri ntchito?" ndinawaseka. "Inu zanu ndi zotsogolera nyimbo kutchalitchi basi."

Iwo sanaseke nawo.

Ndinalakwitsa podula. Tsiku limenelo pakhonde panali anthu ambiri, ine pakamwa pali yaviyavi, mpeni n'kudya chikopa mopitirira. Nditachipinda ngati chitoliro n'kusoka m'mbali ndi ulusi wa m'matayala, kumunsi kunapanikiza. Kamtengo kaja kanakana kulowa. Ndikanatha kukasema kuti kachepe, kapena kupita kwa alamu n'kunena kuti ndawononga. Koma ndine munthu wa matama, ndipo ndinali nditalonjeza kuti mawa lake phodo likhala litatha. Ndinachita zimene timachita ndi nsapato zotsika mtengo. Ndinadula katoni wolimba, kumusanjikiza katatu, kumumata guluu, n'kumukutira chikopa mkati ndi kunja. Ukagogoda ndi chala pankamveka go go, ngati mtengo weniweni.

Linakongola, ndisaname. Ubweya wofiirira ndinausiya kunja, lamba ndinadula wa chikwama chakale. Alamu atalimanga m'chiuno linawakhala ngati anabadwa nalo.

"Kamtengo kaja kalimo, eti?"

"Kalimo," ndinatero, maso ali pa nsapato imene ndinkasoka.

Sabata yonse yotsatira mvula inagwa yosalekeza. Lachisanu m'mawa achemwali anabwera ndi nsapato za ana awo zitang'ambika. Pocheza anayamba kudandaula za amuna awo.

"Achimwene, bambo aja andidabwitsa. Mivi yawo asomeka kudenga, akuti ine ndi ana tisaikhudze ngakhale ndi chala. Ina apaka zakuda bii, zimene ankapaka agogo awo."

Singano inaima m'manja mwanga. Ulembe! Aliyense kuno anamvapo za ulembe: ukalowa m'magazi, nyama imathamanga pang'ono, mtima n'kuima. Munthu wa mpingo ngati alamu sakanalengeza kuti amaudziwa. N'chifukwa chake sanaseke tsiku lija.

"Ali kuti?"

"Alawirira kuphiri. Akuti nguluwe zimagona m'khwawa la kuseri kwa munda."

Katoni akanyowa amafewa ngati phala, ndipo ine ndimadziwa zimenezo kuposa munthu aliyense. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasiya zida zili mbwee pakhonde, mwini golosale akundiitana, ine osacheuka.

Njira ya kuphiri inali yoterera. Ndinagwa kawiri. Foni yawo inkangoti siikupezeka. Udzu unali wautali mpaka m'chiuno, wodzaza madzi, ndipo paliponse pamene unkandinyowetsa ndinkaganiza kuti phodo lija nalonso lanyowa pomwepo. Mitu ya mivi ndi yachitsulo, yonoledwa mbali zonse, ndipo imaloza pansi. Munthu akamatsika chigwa amadumpha, phodo n'kumamenya ntchafu. Ndinafuula dzina la mwana wawo woyamba, mmene timawaitanira, koma linangobwerera kuchokera m'matanthwe.

Ndinawapeza m'khwawa atakhala pamwala, uta uli pansi. Buluku anali atalipinda mpaka m'mwamba. Pantchafu panali kabala kakang'ono ngati kokandidwa ndi minga, magazi akutsika pang'onopang'ono. Pamwamba pa balalo anamangapo nsinga ya uta. Phodo linali pamiyendo pawo, nsonga ya muvi itatulukira pansi pake.

"Khalani pansi, alamu," anatero, mawu ali ziii. "Mivi ilimo isanu ndi umodzi. Itatu ndi yopaka. Umene wandikandawu mvula yautsuka, sindikutha kuuzindikira."

"Tiyeni kuchipatala, ndikuberekani!"

"Ngati ndi wopaka, sitifika ngakhale pamunda. Ngati si wopaka, tikawauza kuti tadzera chiyani? Tidikire."

Ndinakhala. Madzi ankalira m'miyala. Ndinkayang'ana mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndikuwerenga ngati munthu wopenga. Iwo analowetsa chala pabowo lija, n'kutulutsa katoni wonyowa. Anamufinya pakati pa zala, madzi n'kudontha. Sanandiyang'ane. Akanandimenya mbama bwenzi zili bwino, pakuti ndinkaopa kwambiri, ndipo manyazi ankandidya kuposa manthawo.

"Alamu, ine ndi amene…"

"Mverani kuno," anandidula. "Zikavuta, phodoli mukaliponye m'madzi. Kumudzi mukanene kuti ndinaterereka n'kugwera muvi. Achemwali anu ali ndi mlongo mmodzi yekha. Asataye anthu awiri tsiku limodzi."

Ndinalira ngati mwana, bambo wa ana anayi.

Dzuwa linafika pamutu iwo akupumabe. Linapendeka akupumabe. Kenako anamasula nsinga ija, n'kuimirira, n'kundiuza kuti ndinyamule uta. Tinatsika phiri.

Nkhaniyi sanaitchulenso, ngakhale titatsala awiri. Timadyera mbale imodzi pamaliro ndi pazikwati. Achemwali amadziwa kuti amuna awo anakandidwa ndi minga tsiku limene ine ndinathawa ntchito kukawathandiza kusaka, ndipo amanditamanda kwa anzawo kuti ndine mlamu wachikondi. Akamanena zimenezo alamu amangovomera ndi mutu, ine n'kuyang'ana pansi.