Chithunzi cha pa Khadi la Nyumba

Nsanje ndinabadwa nayo, zimenezo sindibisa. Koma imene inandigwira chaka chomwe mafaelo akale a nyumba za m'malokeshoni anatsegulidwa kuti aliyense awaone inali ya mtundu wina.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Abale awo atabwera kuchokera ku Malawi kudzalira maliro, anatenga sutikesi ya malemuwo kuti akaionetse kumudzi, monga timachitira munthu akafera kutali. Munali jekete, chitupa ndi tizithunzi tiwiri, tokhato timene tinali nato m'nyumba. Sutikesiyo sinabwerenso. Ndinakula ndikudziwa kuti bambo anga anali aatali, ankawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin ndipo ankakonda kuimba mluzu, koma nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndafika pokhala ndi zidzukulu ndikuifunabe nkhopeyo.

Kuseri kwa mpanda wathu m'lokeshoni ya Magwegwe kumakhala mayi wina amene tinakulira limodzi. Timaitanana kuti makhelwane, monga amachitira anansi kuno. Bambo ake ndi bambo anga anachokera mudzi umodzi, ndipo makolo anga asanapatsidwe nyumba ino ankakhala m'kachipinda kakumbuyo kwa nyumba yawoyo. Mayi ameneyu chilichonse amayamba ndiye. Mpanda wa njerwa anayamba ndiye, matailosi ndiye, mwana wopita ku Joni ndiyenso. Bambo ake anamulera mpaka kumukwatitsa, n'kumwalira ndevu zili mbuu. Ine ndinkangoti Mulungu ameneyu ena amawapatsa ndi manja awiri.

Tsiku lina anandiitanira pampanda kuti ndikaone zimene wabwera nazo m'tauni. Anali atamva kutchalitchi za mafaelo aja, n'kupita kukafufuza, ndipo anapeza khadi la nyumba yawo lili bwinobwino, dzina la bambo ake, fakitale ya ku Belmont kumene ankagwira, ndi kachithunzi pakona. Anamupatsa kope, iye n'kukalikulitsa, kuliika m'felemu ndi kulipachika pamwamba pa wailesi ya kanema. Pachithunzipo panali mnyamata wazaka makumi awiri ndi zingapo, atavala jekete lomukulira m'mapewa, maso ali gwa kuyang'ana wojambula. Makhelwane anati iye anawadziwa bambo akewo atakula kale, sankaganiza kuti anali okongola chonchi. Anandifunsa ngati ndikuvomereza. Ndinati kukongola anali okongola ndithu, kungoti makutuwo ngati zogwirira za poto. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundiuza kuti nsanje idzandipha ndisanakalambe.

M'mawa mwake ndinakwera kombi. Mafaelowo amasungidwa m'chipinda chozizira chopanda zenera, makatoni ali ndandanda pa mashelefu achitsulo. Mayi wowasamalira anandilandira bwino, anandiuza kuti chikwama ndi cholembera cha inki zitsale pakhomo, ndipo iye anavala magolovesi oyera asanakhudze pepala lililonse. Khadi lathu analipeza mwamsanga. Dzina la bambo anga linalipo, nambala ya nyumba inalipo, koma pakona pomwe panayenera kukhala chithunzi panali banga lachikasu la guluu. Anati makadi ambiri anafika m'manja mwawo zithunzi zitamatuka kalekale. Anakhuthula katoni yonse mosamala, kuyang'ana mpaka m'makona, koma sitinapeze kanthu. Ndinapitako katatu, ngati kuti chithunzi chingamere pakhadipo.

Kuchokera pamenepo moni wa pampanda unayamba kundivuta. Ndinkachita kuyanika zovala mbali ina kuti ndisakumane naye. Munthu woti anadya nawo bambo ake m'mbale imodzi zaka makumi atatu, wapezanso chithunzi, pamene ine amene ndinalibe kalikonse ndabwerako ndi banga la guluu. Zinkandiwawa kwambiri.

Amayi anga ndimakhala nawo, akalamba ndipo maso ayamba kuchita chifunga. Makhelwane anawaitana kuti nawonso akaone, ine ndinawaperekeza chifukwa payekha ndodo siwakwanira pa masitepe aja. Anayang'ana kukhomako nthawi yaitali, kenako anapempha kuti felemuyo itsitsidwe. Anaibweretsa pafupi ndi nkhope, chala chawo chikuyenda pagalasi n'kukaima pa khutu. Anangothokoza n'kubweza. Titafika kwathu anakhala pakhonde, n'kundiuza kuti nditseke geti.

"Iwe, ajatu si bambo ake. Aja ndi bambo ako."

Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza, koma anafotokoza zonse mwadongosolo. Sabata imene eni nyumba onse ankajambulidwa, bambo a makhelwane anali kumudzi kukaika maliro a mayi awo, ndipo ulendo wa sitima masiku amenewo sunali wobwerera mawa. Mbiri inali itamveka kuti wosaonekera sabata imeneyo nyumba amulanda, ndiye kuti mabanja onse awiri akanagona panja. Amuna ochokera kwathu kubwerekana zitupa sichinali chachilendo, ambiri analowera m'dziko muno pa dzina la mchimwene kapena la msuweni. Bambo anga anavala jekete la mnzawoyo, kutenga mapepala ake, n'kukaima pamzere. Kalaliki anali ndi anthu mazanamazana oti awalembe, sanafunse kawiri.

"Ndipo makutu unkawanyozawo, kavule duku udziyang'ane pagalasi."

Ndinakavuladi. Makutu amene ndakhala ndikuwabisa m'duku kuyambira ndili kusukulu ndi omwewo, zogwirira za poto. Ndinalira ngati maliro achitika dzulo.

Ndinabwerera kuchipinda chozizira chija kukapempha khadi la nyumba ya makhelwane. Kuona anandilola, poti aliyense amaloledwa, ndipo ndinakhala nalo patebulo mpaka masana. Koma kope lokhala ndi chithunzi, anati, limaperekedwa kwa ana a munthu amene dzina lake lili pakhadipo. Ndinamufotokozera nkhani yonse. Anamvetsera osandidula, kenako anati iwo safufuta zimene zinalembedwa, ntchito yawo ndi kusunga, koma ngati pali mboni yamoyo imene inaona, angathe kulemba mawu ake n'kuwaika mufaelomo kuti aliyense wotsegula aziwerenga zonse ziwiri. Ndinathamangira kunyumba mtima uli m'malere. Ndisaname, china chimene chinkandikoma n'choti felemu ija itsika pakhoma paja.

Amayi anakana. Anati bambo a makhelwane anawasunga zaka zisanu m'kachipinda kake osawaonetsa nkhope yoipa ngakhale tsiku limodzi, ndipo amuna awiriwo anapita nacho chinsinsicho kumanda.

"Mwana wake wapeza bambo ake pakhoma, iwe ukufuna ukamulande? Ndikafa udzachite zako."

Akudziwa bwino lomwe kuti iwo akapita mboni palibenso.

Chithunzicho ndinachijambula ndi foni tsiku lina makhelwane ali kukhitchini. Ndili nacho, koma pansi pake pali dzina la bambo a eni ake, ndipo pakhoma langa sindingachipachike, poti iye amalowa m'nyumba muno osagogoda. Zidzukulu zanga sindinazionetse, ana sasunga mawu.

Masiku ano ndimapita kwa makhelwane pafupifupi tsiku lililonse, mwina kukapempha mchere umene ndili nawo kale, n'kukhala pampando woyang'anizana ndi khoma. Loweruka ndimamupeza akupukuta galasilo ndi nsonga ya chitenje, uku akuti, "Livukile, baba," mwadzuka bwanji wa kuno. Iye ndiye amawadzutsa bambo anga, iye ndiye amawachotsa fumbi, ine ndimangoonera ngati mlendo. Anauza amayi a kutchalitchi kuti ndimabwera chifukwa cha nsanje ya chithunzi chake, ndipo sananame.

Mwezi wathawu kunatentha kwambiri. Ndili pampando uja thukuta likuyenderera, makhelwane anandiyang'ana n'kundifunsa chifukwa chake sindivula duku, poti tili awiriwiri m'nyumba. Ndinati ndazolowera, ndipo ndinalikokera pansi kuti liphimbe bwino makutu.