Bedi la ku Beaumont Leys

Nditafika ku Leicester mu 2018, ndinkagona pa sofa m'nyumba ya azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, ku Beaumont Leys. Sindinkadziwa ngati andisunga kapena ayi. Nyumbayo inali yaing'ono, ndipo mawu omaliza anali a amuna awo, amene ndinkawatchula ankolo. Iwo kwawo ndi ku Mangochi, ndipo ankayendetsa basi. Ndinkatsuka mbale ngakhale zoyera kale, kuti andione kuti ndine mwana wabwino.

Loweruka lina ankolo anabwera ndi makatoni awiri aatali.

"Mwana wa mwini sangamagone ngati mlonda," anatero. "Tiye tifikse bedi lako."

Ndinadziwa pomwepo kuti andilandira. Tinakhala pansi m'kachipinda kosungiramo masutikesi, n'kuyala matabwa ndi mabawuti. Thabwa lililonse linali ndi nambala yake. Chimwemwe chinandimasula lilime, ine amene sindiyankhula pa akuluakulu.

"Sitima za azungu zinabweranso chonchi, ankolo, zidutswazidutswa za manambala. Pa mathithi a Shire sitima siyenda, ndiye anthu ankasenza zitsulozo pamutu. Agogo awo a bambo ndiwo anali kapitawo wa amtengatengawo. Akuti sipanasowe bawuti ngakhale limodzi, mpaka mzungu anawapatsa jekete."

Kwathu nkhaniyi timainyadira. Kusukulu ya kumudzi ndinaifotokozapo, aphunzitsi n'kuuza kalasi kuti indiombere m'manja. Koma azakhali, amene anaima pakhomo ndi makapu a tiyi, anandiyang'ana ngati ndaponda mwana.

Ankolo anaika sipanala pansi.

"Ataimanga sitimayo, inapita kuti?"

"Kunyanja, ankolo."

"Itanyamula chiyani?"

Funso limenelo ndinali ndisanalifunsepo.

"Inanyamula mzinga," anatero. "Anthu akwathu anali ndi mfuti zagogodela. Sitima inkaima patali, pomwe chipolopolo chawo sichifika, n'kumawotcha midzi. Agogo anga anathawira kuphiri ali kumsana kwa mayi awo. Mkulu wawo sanapezeke."

Sanakweze mawu. Anadzuka, n'kuvala jasi, n'kutuluka.

"Iwenso," azakhali ananong'ona, "zaka zonsezi ine ndili chete, ukuyesa nkhaniyo sindiidziwa?"

Bedi linakhala chigonere, mbali imodzi yomanga, ina ili m'katoni. Ndikanatha kulimaliza ndekha, koma sindinayerekeze kulikhudza. Ndinabwerera pa sofa. M'basi popita kuntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston, ndinkaganiza za jekete lija. Kapitawoyo ankafuna kusangalatsa bwana wake basi, ndipo khalidwe limenelo ndinkalidziwa bwino.

Loweruka lotsatira ankolo anaima pakhomo la kachipindako, sipanala m'manja.

"Akapitawo, bwerani mugwire uku. Si inu akatswiri a zidutswa?"

Ndinagwada n'kugwira thabwa. Ndinati, "Pepani, ankolo."

"Wapepesa chiyani? Unasenza ndiwe? Kweza pang'ono, lapendekeka."

Tinalimaliza bedilo. Anakhalapo, n'kudzigwedeza kuti aone ngati lalimba, kenako anandiuza kuti ndichotse bulangete langa pa sofa.

Ndinakhala nawo mpaka nditapeza pokhala pandekha. Dzina lija silinachoke. Ngakhale kutchalitchi ku Evington ankandiitana kuti akapitawo, anthu n'kumaseka osadziwa kumene linachokera. Ine ndinkangoyankha kuti, "Wawa, ankolo."