Tsiku limene ndinakwecha Fulu ndi mchenga wa mu Rivirivi

Abale anga, ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu poti ndili moyo ndipo banja langa likadalipo. Lachisanu lapitali ndinkaona ngati chimodzi mwa ziwirizi chindithawa.

Pambali pa nyumba yathu, poonekera kumsewu, pali galimoto. Amuna anga, abambo a Tadala, anaigula ali mnyamata, nthawi imene ankagwira ntchito ya njanji. Ndi zija zamsana wozungulira, za injini kumbuyo, ndipo anthu a kuno ku Rivirivi anaitcha Fulu. Inasiya kuyenda chaka chimene Tadala anabadwa. Lero Tadala ali ndi ana awiri.

Denga lathu nalo lakalamba. Malata anadyeka ndi dzimbiri, moti mvula ikamagwa timatchera mabeseni atatu, limodzi pabedi penipeni. Abambo amagona cha uku, ine cha uko, beseni pakati ngati mwana wakhanda. Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda ndimati, "Abambo a Tadala, gulitsani Fulu tikhome malata."

Iwo amati, "Ali pamalonda kale, mayi. Wogula ndiye sakupezeka."

Komatu ogula ankabwera. Makaniko wina wa ku Balaka anauzidwa mtengo wa ng'ombe ziwiri. Anapita kukasonkhanitsa ndalama, pobwera anapeza Fulu wafika pa ng'ombe zinayi.

"Madala, wakwera bwanji asanasunthe n'komwe?"

"Mafuta akwera, mwana wanga."

"Koma galimotoyi sikumwa mafuta!"

"Ikadzayamba idzamwa."

Lolemba kunaima bambo wina wa ku Blantyre, a Chikopa, munthu wovala bwino. Anamuzungulira Fulu katatu. Anagwada, n'kusuzumira pansi. Anatsegula chitseko n'kununkhiza mipando. Ine ndinaganiza kuti mwina ndi mneneri, akufuna kutulutsa chiwanda. Kenako anasisita utoto wake wobiriwira, wofwifwa ndi dzuwa, n'kufunsa motsitsa mawu, "Chichokereni kufakitale, palibe amene anakhudzapo apa?"

Manyazi amene ndinamva! Mlendo wochokera kutali, kutifunsa pamaso kuti pakhomo pano palibe munthu wodziwa kusamala zinthu?

Atafunsa mtengo, abambo anatchula ndalama yoti ingafolere nyumba yathu, khitchini, khola la mbuzi ndi tchalitchi chomwe. Ndinadikira kuti mlendoyo aseke ngati anzake onse. Iye anangoti, "Chabwino. Lachisanu ndibwera ndi lole."

Ine ndinalowa m'nyumba kukagwada. Abambo anakhala pakhonde duu, chakudya osachikhudza, ati m'mimba. Lachinayi m'mawa anapita ku Liwonde ku maliro a mnzawo wa kunjanji, n'kunena kuti akagona konko.

Tsono mundiweruze, koma mumve kaye. Ine mayi anga anandilera kuti mlendo sapatsidwa madzi m'kapu yakuda. Mkwatibwi amasamba. Ngakhale mbatata timaitsuka tisanapite nayo kumsika. Nanga munthu wobwera ndi ndalama za denga lonse, tim'patse chinthu cha zitosi za nkhuku pamsana?

Ndinaitana mnansi wanga Abiti Saidi, mayi amene mapoto ake mungathe kumetera ndevu. Tinatuta mchenga wa mu Rivirivi ndowa zinayi, phulusa, ndi zitsononkho za chimanga. Tinayamba dzuwa likutuluka. Poyamba dothi lokha ndilo linkachoka, koma titalimbikira, nawo utoto wofwifwa uja unagonja, chitsulo n'kuonekera mbee. Timapepala takale tomata pagalasi ndinatipala ndi mpeni. Mateyala tinawapaka laimu. Ine ndikuimba za kutchalitchi, Abiti akuimba zawo, manja osapuma. Anangochoka kanthawi kukaswali, n'kubweranso.

Pomaliza anaima patali, manja m'chiuno. "Chemwali, ameneyu akaona awonjezera ndalama, wallahi."

Lachisanu abambo ndi lole ija anafika ngati apangana. A Chikopa anatsika, anayang'ana, anagwira mutu, n'kukhala pansi pafumbi ndi buluku lawo labwino lija.

"Amayi, wachita zimenezi ndani?"

"Ndife, bambo. Musavutike n'kuthokoza, ndi kantchito kochepa."

A Chikopa anati, "Amayi, utoto umene mwauthira m'ngalandewo ndi umene ndimagula. Galimoto yonyezimira ndingaipeze paliponse. Ndimafuna yoti munthu sanaikhudze."

Safunsa anadya phula. Ine phula ndinali nditadya kale, koma ndinafunsabe. Ndinati bambo, ndiphunzitseni, sukulu ndinalekera panjira. Chinthu chikayera chimatsika bwanji mtengo?

Anandiuza kuti iwo ndi gulu la anthu okonda magalimoto akale, ndipo amawasaka m'midzi ngati osaka ngumbi. Ati ku Liwonde kuli Fulu wina, wosayenda ngati wathuyu, koma mwini wake akutchula mtengo woposa wa abambo, chifukwa ali ndi kabuku ka madindo a kugalaja kuyambira tsiku loyamba. Ati ku Nayuchi kuli winanso, woyenda bwinobwino, wonyamula matumba a nandolo tsiku ndi tsiku, koma mtengo wake ngwa njinga yamoto, poti injini anaikamo ya galimoto ina ndipo mapepala ake ndi a tsidya lina la malire.

Mwamva, abale? Woyenda ngwotchipa. Wogona pansi pa mtengo ngwodula, bola akhale ndi kabuku.

Ine ndakhala ndikugulitsa tomato zaka zambiri. Mulu wanga ndi mulu wa mnzanga zikafanana, mtengo umafanananso, apo ayi ogula amakuseka. Mbuzi timaigwira msana, n'kuyang'ana mano. Koma kodi munaonapo mbuzi yokwera mtengo chifukwa sinasambepo? Munamvapo munthu akuti, nkhuku iyi siikira, siyenda, koma ili ndi kabuku?

Ndaganiza kwambiri sabata ino, ndipo ndaona kuti anthu amenewa sagula chitsulo. Wina akugula fungo la galimoto imene bambo ake ankamutengera kusukulu. Wina akufuna akaime pakati pa anzake n'kunena kuti yangayi sinapakidwepo. Zoterezi mungaziike pasikelo? N'chifukwa chake magalimoto awiri obadwa tsiku limodzi, wina ng'ombe khumi, wina mbuzi.

Koma pali chifukwa china chimene a Chikopa sanandiuze. Chimenecho ndinachiona ndekha.

Atadzuka pafumbi paja anati, "Madala, pepani. Mmene zililimu ndingapereke ya mbuzi ziwiri, basi." Denga lapita, ndipo walitaya ndi ine, ndi manja angawa. Ndinkaopa kuyang'ana amuna anga. Nditalimba mtima n'kucheuka, ndinapeza munthu akumwetulira ngati tsiku la ukwati wathu, m'mimba mutapola.

"Mbuzi ziwiri iyayi," anatero mokoma. "Yendani bwino, bambo. Lole musaiiwale."

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka, patatha zaka zonsezi. Mtengo wa abambo sunali wa wogula. Unali wa ine. Munthu akamatchula ndalama yosatheka, nthawi zina sakuyankha amene waima kutsogolo kwake, akuyankha mkazi amene ali pakhomo la khitchini ndi beseni m'manja. Lolemba lija tsoka lawo linali lakuti anakumana ndi munthu wopenga kuposa iwo.

Komabe Mulungu sataya wake. A Chikopa akupita kulole, nkhuku yanga inadutsa kukamwa madzi, iwo n'kuima chilili.

"Mbale imeneyo mwaitenga kuti?"

Inali imodzi mwa mbale zinayi zotsekera pakati pa mateyala a Fulu. Ndinazichotsa kalekale poona kuti zikungokhala. Ina amamwera nkhuku, ina ndi chivundikiro cha mtsuko, ina ndimayanikira therere. Yachinayi ndinapereka kutchalitchi, ndi imene timaponyamo chopereka.

"Zonse zilipo? Zoyambirira?" anafunsa a Chikopa nditawafotokozera.

Ndinathamanga kwa akulu a mpingo kukapempha yachinayi ija, n'kulonjeza kuti ndibweretsa beseni. Lero lopuma pantchito yotchera mvula lilipo. Pobwera ndinaona kuti ya nkhuku ija ili ndi ndere, dzanja langa n'kupita lokha kundowa ya mchenga. A Chikopa ndi abambo anakuwa pamodzi, "Musatsuke!"

A Chikopa anazikulunga m'jekete lawo ngati mazira. Lole yaikulu ija inabwerera ku Blantyre itanyamula mbale zinayi. Ndalama anandipatsa ine m'manja, poti abambo anati zimenezo si galimoto, ndi ziwiya za kukhitchini, sizikuwakhudza.

Loweruka ndinapita ku Balaka ndi Abiti Saidi. Malata amene ndinagula ndi okwanira chipinda chogona chokha. Pabalaza ndi kwa alendo mabeseni awiri apitiriza ntchito. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka chino pakati pa ine ndi abambo a Tadala sipagona beseni, ndipo pa chimenechi ndikuti zikomo Ambuye.

Pobwera ndinapeza abambo akupukuta Fulu ndi malaya awo akale. Anati, "Mayi a Tadala, dzanja lanu ndi lodala. Mwandisungira galimoto." Zaka makumi atatu ndikuwaphikira, mawu otere ndinali ndisanawamvepo.

Madzulo omwewo munthu wina wa panjinga anaima, wakopeka ndi kunyezimira, n'kufunsa mtengo. Abambo anayamba ayang'ana kaye kukhitchini kumene ndinali, kenako anakweza mawu kuti ndimve bwino.

"Ng'ombe khumi ndi ziwiri. Fulu wasiliva alipo mmodzi yekha m'boma lonse lino."

Tsono inu abambo amene muli ndi chitsulo chanu pansi pa mtengo, mwalembapo ndi makala kuti chikugulitsidwa, ndiuzeni zoona pamaso pa Mulungu: mtengo umenewo mukuuza wogula, kapena mukuyankha mayi a kunyumba?