Matope pa injini ya ankhazi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene njoka inandiluma pachidendene ndikupalira chimanga kwathu, kummwera kwa Mzimba. Linali dzinja, ndipo msewu wa kuchipatala cha ku Embangweni unali phala lokhalokha. Mlongo wa bambo anga, amene kwathu timati ankhazi, anali mlangizi wa ziweto ndipo ankayendera njinga yamoto. Anandikhazika pakati, amayi kumbuyo atandikumbatira, mwendo wanga ukutupiratupira.

Titawoloka dambo lina ndinamva fungo la dothi lopserera, ngati la uvuni wa njerwa. Ankhazi anaimitsa njinga, n'kuzimitsa injini, n'kuthyola kamtengo m'mbali mwa msewu. Kenako anagwada m'matope.

"Mulamu, mwana wakufwa uyu!" amayi anakuwa m'Chitumbuka.

"Dikirani pang'ono, mulamu," ankhazi anayankha osadzutsa mutu. "Injiniyi imazizira ndi mphepo yodutsa m'mipatamu, ndiye matope atseka. Ikapsa, mwanayu timubereka kumsana mpaka ku Embangweni."

Ndili chikhalire pachishalo ndinasuzumira pansi. Injiniyo inali ndi mizere yachitsulo ngati mano a chipeso, ndipo ankhazi ankagomola dothi louma m'mpata uliwonse, osalumphako. Kamtengo katathyoka anapitiriza ndi zala. Amayi anatunga madzi a pachithaphwi ndi manja kuti athirepo, koma ankhazi anawagwira mkono.

"Yayi! Chitsulo chotentha mukachithira madzi chimang'aluka."

Tinadikira, amayi akulira, injini ikuti the, the, the pozizira. Ine ululu ndinauiwala pang'ono. Ndinkangoyang'ana nkhope ya ankhazi, yomwe inali phee ngati ali m'tchalitchi, ndipo ndinaganiza kuti munthu ameneyu saopa chilichonse padziko pano. Ataponda kiki njinga inalira nthawi yomweyo, ndipo sitinaimenso mpaka pakhomo la chipatala.

M'mawa mwake ankhazi anabwera kudzandiona atanyamula nthochi. Analephera kundisendera, chifukwa zala zawo zinali matuza okhaokha.

Nditakula ndinawafunsa ngati tsiku lija sankachita mantha. Anaseka, n'kunena kuti anagwada chifukwa miyendo inkanjenjemera moti sakanatha kuima. Lero ndikudziwa kuti mantha awo ndi a amayi anali ofanana. Kungoti ankhazi ankadziwa kuti tikathamanga ndi injini yotentha sitifika, ndipo analolera kuti mlamu wawo awaone ngati ouma mtima kuti ine ndikhale moyo.