Achimwene Anandipatsa Chibaluni M'kati mwa Mtsempha Wanga

Usiku wathawu ndinalota ndili m'kati mwa mtsempha wa mtima wanga. Paja madokotala anandiika kawaya m'menemo kuti magazi azidutsa bwino, ndiye pano akuti pomwepo pathinanso. Ine amene sindinaphonyepo mankhwala, mchere ndinasiya, pepala lililonse la kuchipatala lili m'chikwama mwanga mwadongosolo! Lachinayi likubwerali ndiyenera kukawayankha: alowetse kawaya kena m'kati mwa kakaleko, kapena akuze pothinapo ndi kabaluni kopaka mankhwala n'kukatulutsa.

M'malotomo mtsemphawo unali ngati kalavati wa pansi pa msewu, wamdima, wofunda. Ndinkayenda chowerama, chikwama kukhwapa, magazi akulekeza m'mawondo. Kawaya kaja ndinakapeza katakula ngati waya wa khola la nkhuku, nyama itamera pamwamba pake, ikukulirakulira ine ndikuona.

Ndiye panatulukira madokotala awiri atavala magambuti. Wina anasenza mpukutu wa waya, akuti watsopano ndiye amagwira zolimba. Mnzakeyo anati kusanjikiza chitsulo pa chitsulo n'kuchepetsa njira, pomwe kabaluni sikasiya kanthu m'thupi. Ndinawakalipira kuti aliyense alembe zonena zakezo, asaine. Potsegula chikwama, mapepala anga onse anali phala lofiira.

Kenako madokotala aja kunalibe. Kuseri kwa pothinapo kunaima achimwene anga a Lameki, amene tinawaika m'manda kalekale, atavala jekete lomwe tinawaveka tsiku lija. Bowo linali litatsala lokwana mkono wokha. Anaupisa mkonowo, m'manja muli chibaluni chofiira, chosewerera ana.

"Tenga, mphwanga. Ukuchedwa."

"Achimwene, si paja munatisiya inu?"

"Ndiye zatani? Makani ako aja sunasiyebe? Tenga."

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti womwalira akakupatsa chinthu m'maloto sulandira, ukalandira wamutsatira. Koma achimwenewa ndi amene anandilera bambo atamwalira, ndipo sanandipatsepo choipa. Makoma anayamba kundipana nthiti, mpweya ukutha. Ndinkafuna kubisa dzanja kumbuyo, koma ndinaliona likupita lokha.

Pomwepo ndinadzidzimuka, thukuta lili kamukamu, pachifuwa ngati pakhala munthu, dzanja lamanja nditafumbata zolimba. Ndinaika kapilitsi ka mtima pansi pa lilime ndi dzanja lamanzere. Lamanjalo ndinalitambasula kunja kutayera, ndipo munalibe kanthu.

Tsono abale, ndimasulireni. Achimwene amandilozera njira yopulumukira, kapena anabwera kudzanditenga? Musandiuze kuti ndikungoganiza kwambiri. Mwana wanga wamkazi wandiuza kale zimenezo, ndipo sitikulankhulana kuyambira m'mawa. Chikundiopsa kwambiri n'chakuti ine, munthu wosataya ngakhale lisiti la sopo, sindikudziwa ngati chibalunicho ndinalandira kapena ayi. Nanga Lachinayi adokotala akachitchula, ndikavomere?