Kavalo wa Mzungu ndi Maenje a Chinangwa

Chaka chimene mwana wanga woyamba ankaphunzira kukwawa, amuna anga ankasamalira kavalo wa mzungu wina wamalonda amene anamanga sitolo yake kufupi ndi mishoni, kumwera kwa Chintheche. Kavaloyo anabwera pa sitima, ndipo m'dera lonse munalibenso wina. Chifukwa cha ntchitoyo tinapatsidwa kanyumba kuseri kwa khola. Tisanabwere kumeneko tinkakhala mothithikana mu linga la m'madambo poopa nkhondo ya Angoni, ndipo ana awiri a mkulu wanga anafera m'menemo ndi matenda a m'mimba. Mzunguyo ananena tsiku loyamba lomwe kuti kavalo akadzavulala m'manja mwa amuna anga, ntchito yatha, m'nyumbamonso tituluke.

Pa Chaka Chatsopano a mishoni ankachititsa masewera pamchenga, monga kupalasa mabwato ndi kukokana chingwe. Chaka chimenecho anaonjezapo a nyama zokwera, chifukwa Alungwana atatu, amalonda ochokera kunyanja yamchere ogula minyanga, anali atabwera ndi abulu awo oyera. Magulu anali awiri. Loyamba linali la liwiro, kuchoka pamkuyu kukafika pamene kamtsinje kamathira m'nyanja, n'kubwerera. Lachiwiri linali loonetsa khalidwe la nyama pamaso pa oweruza: kuyenda pang'onopang'ono, kuima, kutembenuka, kubwerera chambuyo. Nyama iliyonse inkayenera kulowa gulu limodzi basi. Mwini kavalo anali chigonere ndi malungo, ndipo anangouza amuna anga kuti, "Sankha wekha, amene umamudziwa ndiwe."

Alamu anga, achimwene awo aakulu a amuna anga, anabwera masana a dzulo lake akununkha usipa.

"Mwamva, alamu?" anatero kwa ine. "Mawa mwamuna wanu aphulitsira fumbi abulu a Alungwana. Konzani pakhosi, mudzaimbe nthungululu."

"Fumbi nyengo ya mvula ino?" ndinayankha. Anaseka, koma ine sindinaseke nawo, chifukwa ndinali nditaona pamene anazika timitengo ta njira ya liwiro.

Njirayo inkadutsa pafupi ndi bango la kamtsinje, pamene ife amayi tinkaviika chinangwa cha kondowole. Tinkakumba maenje ofika m'chiuno, madzi n'kudzaza okha. Mvula itayamba tinawasiya n'kukakumba ena kumtunda, ndipo madzi anakokolola mchenga n'kukwirira akalewo. Pamwamba pankaoneka posalala ngati pabwalo. Amuna sankadziwa, poti kumeneko sankapondako; iwo chinangwa ankachidziwira m'mbale.

Alamu atapita ndinawauza amuna anga.

"Bambo a mwana, mulowe gulu loyenda lija."

"Iwe, kavalo wathunthu azikayenda nyang'anyang'a ngati mkwatibwi? Anthu adzati ndaopa bulu."

"Pali maenje panjirapo."

"Ndadutsapo m'mawa uno ndi mapazi anga awa. Palibe dzenje."

Sindinalimbane nawo. Amuna anga ukawakankha ankauma ngati chitsa. Ndinaphika, tinadya, sindinatchulenso.

M'mawa mwake, belu loyamba la kumishoni litalira, ndinabereka mwana, n'kutenga nkhafi yawo yakale imene inali patsindwi. Ndinati, "Ndiperekezeni kumtsinje, ng'ona yaoneka dzana." Ananyinyirika koma anabwera. Titafika ndinasokonezeka. Mchenga unali wofanana ponseponse, ndipo chitsa chimene ndinkazindikirira dzenje langa chinali chitapita ndi madzi. Ndinazika nkhafi apa, inalowa pang'ono n'kuima. Ndinazika apo, chimodzimodzi. Amuna anga anapinda manja pachifuwa.

"Wathana nazo? Kavalo sanamwe madzi."

Thukuta linali kutsika kumsana pakati pa ine ndi mwana. Ndinabwerera kubango, n'kuwerenga mapazi monga ndinkayendera ndi dengu pamutu: asanu ndi awiri kulunjika kunyanja. Ndinazika ndi manja onse. Nkhafi inaboola khungu la pamwamba n'kumira mpaka pogwirira, ine ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Nditaizula panatuluka madzi otuwa ndi fungo lowawasa la chinangwa chovunda.

"Munthu woyenda adutsa," ndinatero. "Nanga kavalo wothamanga, inu muli pamsana? Alipo ena asanu ndi limodzi, ndipo enawo sindikudziwa pamene ali."

Anayang'anitsitsa dzenjelo. Kenako anapita kukapempha a mishoni kuti njira isunthidwe. Alungwana anakana, ati abulu awo adutsa m'matope oposa amenewo, ndipo amene akuopa akhale pansi ndi amayi. Mawuwo anawakwiyitsa amuna anga. Anapita kukhola osandiyang'ana, ndipo sindinadziwe chimene asankhe.

Belu lachiwiri linali lolembetsa. Aphunzitsi amene anandiphunzitsa zilembo kusukulu ya mishoni ndiwo anagwira sileti, ataigawa pakati ndi mzere. Amuna anga anafika atakwera, kavalo akunyezimira, alamu akuthamanga pambali pawo akufuula kuti, "Liwiro, liwiro!" Amuna anga anawerama n'kunong'oneza aphunzitsi. Sindinamve. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu, mwana akulira, mpaka ndinafika kumbuyo kwa aphunzitsiwo. Ndinkawerenga movutikira masiku amenewo, chilembo chimodzichimodzi. Mbali ya liwiro munali abulu awiri. Mbali inayo munali bulu mmodzi, ndipo pansi pake ndinagwira "ka", kenako "va". Anali atalembetsa kavalo m'gulu loyenda.

Komabe mtima sunakhale pansi, chifukwa kavaloyo anali asanaonepo khamu lotere. Atalowa m'bwalo anayenda bwino, anatembenuka bwino. Pofika poti aime, amayi a kutsidya anaimba nthungululu onse pamodzi. Kavalo anagoneka makutu, n'kutukula miyendo yakutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kunali miyala yomangirapo mabwato. Ndinaluma nsalu. Amuna anga sanakoke zingwe. Anagona pakhosi pake akumulankhula m'Chitonga, monga ankachitira pomupukuta. Kavalo anatsitsa miyendo, anapondaponda, anaima. Oweruza anapereka nsalu ya mphotho kwa bulu, amene sanagwedeze ngakhale khutu.

Liwiro linachitika pambuyo pake. Abulu awiri aja atafika pabango ananunkhiza pansi, anakhotera okha m'mphepete mwa madzi, eni ake akuwakwapula pachabe, ndipo palibe anagwa. Alamu anabwera kwa ine akuwomba m'manja.

"Maenje anu aja ali kuti, alamu? Mwamusandutsa mkwatibwi m'bale wanga, ndipo ngakhale ukwatibwiwo waluza kwa bulu!"

Amuna anga anatha masiku atatu akudya atandifulatira, ndipo mpaka ukalamba wawo ankati akanapambana. Mwina akanapambanadi, sindidziwa. Madzulo a tsiku la masewerawo mzungu anadzuka ndi ndodo, anapita kukhola, anagwira miyendo inayi ya kavalo umodziumodzi, anapeza yonse ili bwino, n'kubwerera kukagona. Ife tinakhala m'kanyumba kaja mvula zinayi, ndipo mwana wanga wachiwiri anabadwira momwemo.